Kuphunzira mabuku a Chisipanishi a ku America uli ku Harare: poyambira ndi podzera

Ngati mwaganiza zowerenga mabuku a ku Latin America, musayambire pa buku lotchuka lija la Gabriel García Márquez, Cien años de soledad. Ndikudziwa kuti ndi limene aliyense amatchula, ndipo mukadutsa pa anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa misewu m'tauni, likapezeka buku limodzi la kumeneko kawirikawiri limakhala lomweli, la m'Chingerezi, chikuto chitapindika. Guleni, mukalisunge. Koma m'banja la a Buendía muli mibadwo 7, amuna ake pafupifupi onse ndi a José Arcadio kapena a Aureliano, ndipo woyamba kumene amathera mphamvu pobwerera m'mbuyo kufufuza kuti uyu ndi mwana wa yani.

Musayambirenso pa kalata ya Columbus ya 1493 chabe chifukwa ndi imene imatsogola pa silabasi. Kumeneko mufikako ndithu, koma mupite mutanyamula kale mafunso oti mukaifunse. Njira imene ndimapatsa anzanga ndi yoyambira pakati, pa nkhani zazifupi za m'ma 1950, kenako kubwerera m'mbuyo zaka 400, n'kumabwera pang'onopang'ono mpaka lero.

Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndimakhala ku Mufakose, ndipo bambo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito muno mukadali Salisbury. Chisipanishi ndinachitola ndili ndi imvi kale, kwa mnzanga wophunzitsa masamu. Iye anali mmodzi mwa achinyamata a ku Zimbabwe amene kuyambira 1986 ankatumizidwa ku Cuba, pa chilumba cha Isla de la Juventud, kukaphunzira uphunzitsi wa sayansi ndi masamu, maphunzirowo asanasamukire ku Bindura mu 1996. Ndikutchula izi chifukwa anthu amenewa alipobe, m'masukulu a sekondale ndi m'malokesheni mwathu momwemu, ndipo ambiri akusowa wocheza naye m'chilankhulocho. Funsani kutchalitchi, funsani kumzikiti, funsani ahedi a pasukulu yapafupi. N'kutheka kuti mphunzitsi wanu mumakwera naye kombi imodzi.

Tigwirizane kaye za malire. Tikunena za mayiko oyambira Mexico kutsika mpaka Chile ndi Argentina, kuphatikizapo Cuba, Dominican Republic ndi Puerto Rico. Brazil mulibe, kumeneko amalemba Chipwitikizi. Haiti ndi Jamaica namonso mulibe. Musamati “mabuku a ku Latin America” ngati kuti ndi mudzi umodzi: wolemba wa ku Buenos Aires, mzinda wodzaza ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Italy, ndi wolemba wa kumapiri a ku Peru wokulira m'Chiquechua, ndi anthu otalikirana zedi ngakhale akugwiritsa ntchito dikishonale imodzi.

Za chilankhulo

Mungathe kuwerenga zambiri m'Chingerezi, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Gregory Rabassa, amene anamasulira Cien años de soledad mu 1970, anayamikiridwa ndi mwinibukulo. Komabe yambani kutola Chisipanishi tsiku lomwelo, chifukwa lilime lathu lili ndi mwayi umene olankhula Chingerezi alibe. Mavawelo ake ndi asanu, a e i o u, ndipo amamveka ngati athu. Liwu limawerengedwa mmene lalembedwera. Zoti mukumbukire n'zochepa: h satchulidwa, ñ ndi ny wathu, ll ambiri amamutchula ngati y, qu ndi k, j ndi h wokanda kukhosi, ndipo ku America z komanso c wotsatidwa ndi e kapena i amamveka s. Pamene timapunthwa ife Achewa ndi pa l ndi r, popeza kwathu awiriwa sasintha tanthauzo. Kwa iwo pelo ndi tsitsi, pero ndi “koma”, perro ndi galu. Ana athu okulira m'Chishona r wogubuduza uja ali naye kale, ndiye mdzukulu akuwongolereni.

Pa galamala limbikirani chinthu chimodzi musanathamangire zina: njira ziwiri zonenera zakale, pretérito ndi imperfecto. Yoyamba ndi ya chimene chinachitika n'kutha, yachiwiri ya chimene chinkachitika kapena chinali chizolowezi. Ndi kusiyana kwa “anapita” ndi “ankapita”, ndipo nkhani iliyonse imayenda pa ziwirizi. Mabuku ophunzitsira ochokera ku Spain adzakutopetsani ndi vosotros, “inu” wa anthu ambiri. Ku America sagwiritsa ntchito, amati ustedes. M'malo mwake ku Argentina, Uruguay ndi mbali zambiri za Central America mudzakumana ndi vos pamene ena amati tú, kutanthauza “iwe”. Ngati muli ndi mnansi wa ku Tete kapena ku Beira wodziwa kuwerenga Chipwitikizi, mpatseni tsamba aone. Zambiri adzazimva, chifukwa zilankhulo ziwirizi ndi pachibale.

Yambirani kwa Rulfo

Juan Rulfo wa ku Mexico anatchuka ndi timabuku tiwiri tating'ono, El llano en llamas ka 1953 ndi Pedro Páramo ka 1955. Koyambako ndi ka nkhani zazifupi, iliyonse masamba ochepa, mawu ake ndi a alimi, ziganizo zake zazifupi. Tengani nkhani yotchedwa “Nos han dado la tierra”. Amuna anayi akuyenda padzuwa kudutsa chigwa chouma chimene boma lawapatsa pogawa malo itatha nkhondo ya Revolution imene inayamba mu 1910. Iwo ankafuna malo a m'mbali mwa mtsinje, koma bwana wogawa malo anangowapatsa mapepala n'kuwalozera chigwacho. Panjira pakugwa dontho limodzi la mvula, n'kuthera pomwepo. Mmodzi mwa iwo, Esteban, wabisa nkhuku yake m'chijasi chifukwa kunyumba kulibe woisamala. Muno m'Zimbabwe nkhani imeneyi sifuna kufotokozera kwambiri. Mukangoiwerenga pagulu, mtsutso umayamba wokha.

Nkhani imodzi muiwerenge katatu. Koyamba m'Chingerezi, kuti mudziwe kumene ikupita. Kachiwiri m'Chisipanishi, pensulo m'manja, dikishonale itatsekedwa, mukungolemba mzere pansi pa mawu amene simukuwadziwa. Kachitatu tsegulani dikishonale, koma mufufuze okhawo amene abwerezedwa kapena amene akutsekerezani chiganizo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukamaliza fufuzani pa intaneti mawu a Rulfo mwiniwake akuwerenga “Luvina” kapena “¡Diles que no me maten!”, amene yunivesite ya UNAM ya ku Mexico inajambula. Amawerenga mosafulumira, motopa, ndipo mukamumva mudzazindikira pamene chiganizo chimapumira.

Gulani kope lija la chikuto cholimba, buku lililonse mulipatse tsamba lake. Pamwamba lembani chaka ndi dziko. Pansi pake mafunso anayi, omwewo nthawi zonse: wolembayu anali kuti pamene ankalemba, akulembera ndani, akufuna chiyani kwa ameneyo, ndipo ndani ali m'nkhanimo koma sakupatsidwa mpata wolankhula. Zonse zimene ndingakuphunzitseni zagona pa mafunso amenewa.

Ayeseni pa kabuku ka García Márquez ka 1961, El coronel no tiene quien le escriba. Msilikali wokalamba amapita kudoko Lachisanu lililonse kukadikira kalata ya penshoni imene wakhala akuiyembekeza zaka 15. Kabukuka kamayamba mkuluyo akupala chitini cha khofi ndi mpeni, mpaka dzimbiri likusakanikirana ndi khofi wotsalayo, kuti mkazi wake wodwala mphumu amweko, iye n'kunama kuti wamwa kale. Anali kuti wolembayo? Ku Paris, nyuzipepala ya ku Colombia imene inkamulipira itatsekedwa ndi boma la asilikali, nayenso akudikira ndalama zosabwera. Ife opuma ntchito tikafika pa chitini chija timakhala kaye chete.

Makalata opita kwa mfumu

Tsopano bwererani kuchiyambi, ndipo apa musafulumire. Zolembedwa zoyamba za Chisipanishi ku America sizinali nthano, zinali makalata ndi malipoti opita kwa mfumu ya ku Spain, ndipo wolemba aliyense anali ndi chimene ankapempha. Cartas de relación za Hernán Cortés, amene anagonjetsa Mexico, zopita kwa mfumu Carlos V, ndi za pakati pa 1519 ndi 1526. Musanaziwerenge dziwani kuti iye ananyamuka ku Cuba atanyozera bwanamkubwa Diego Velázquez, ndiye mwalamulo anali woukira. Akamafotokoza kukongola kwa Tenochtitlan, likulu la Aaziteki, msika wake ndi misewu yodutsa panyanja, akuuza mfumu kuti taonani chimene ndikukugwirirani, musandizenge mlandu. Mzindawo unagwa mu 1521.

Pambali pake ikani Bernal Díaz del Castillo, msilikali wamba wa m'gulu lomwelo. Analemba atakalamba ku Guatemala, atapsa mtima ndi buku la Francisco López de Gómara, wansembe amene sanapondepo ku Mexico koma ulemu wonse anaupereka kwa Cortés. Buku la Bernal, Historia verdadera de la conquista de la Nueva España, linasindikizidwa mu 1632 mwiniwake atamwalira kalekale. Limakoma kuposa makalata a Cortés, chifukwa nkhalambayi imakumbukira mtundu wa kavalo aliyense ndi mwini wake, mabala, njala ndi mantha. Nayonso ikupempha: ife tinakhetsa magazi, tapatsidwa zochepa. N'lalitali, ndiye sankhani mitu yolowa mu Tenochtitlan ndi ya usiku wothawa wa mu 1520.

Funso lachinayi apa limayankhidwa ndi mayi mmodzi, Malintzin, amene Asipanishi ankamutcha doña Marina. Anali kapolo woperekedwa kwa Cortés ngati mphatso, wodziwa Chinahuatl ndi Chimaya, ndipo kukambirana kwa Cortés ndi Moctezuma, mfumu ya Aaziteki, kunkadutsa pakamwa pake. Iye sanasiye tsamba ngakhale limodzi. Kuti mumve mbali ya ogonjetsedwa, pezani Visión de los vencidos, buku la 1959 limene Miguel León-Portilla anasonkhanitsamo zimene Anahua, anthu olankhula Chinahuatl, anafotokoza okha, zambiri zochokera m'buku la 12 la ntchito yaikulu ya wansembe Bernardino de Sahagún. M'Chingerezi limatchedwa The Broken Spears.

Bartolomé de las Casas mumuwerenge ndi maso awiri. Brevísima relación de la destrucción de las Indias, ya 1552, ndi kulira kwa wansembe kwa kalonga Felipe kuti aletse kupha ndi kuzunza eni dziko, ndipo ndi yowawa kuwerenga. Koma munthu yemweyu poyamba analangiza kuti pofuna kupeputsa eni dzikowo, kubwere akapolo ochokera ku Africa. Pambuyo pake analapa, ndipo kulapako kuli m'buku lake lina, Historia de las Indias. Ife owerenga a kuno zimenezi sitingazilumphe.

Amene ndimamukonda pa onse a nthawi imeneyi ndi Inca Garcilaso de la Vega. Anabadwira ku Cusco, ku Peru, mu 1539, bambo ake kapitawo wa asilikali a ku Spain, mayi ake a m'banja lachifumu la Ainca. Mu 1560 anapita ku Spain, n'kukapempha mphotho ya ntchito ya bambo ake. Anamukana, ndipo kwawo sanabwererenso mpaka anamwalira ku Córdoba mu 1616. Comentarios reales, imene inatuluka ku Lisbon mu 1609, anailemba ali nkhalamba, pokumbukira zimene achibale a mayi ake ankakamba akabwera kudzacheza, makamaka gogo wina wachimuna amene iye ali mnyamata anamufunsa za chiyambi cha mafumu awo. Amawongolera olemba mbiri a ku Spain pamene sanamve bwino Chiquechua, koma penapake amavomera kuti mawu ena amuthawa chifukwa chosowa wolankhula naye. Ife ana a machona, amene za ku Ntcheu ndi ku Mangochi tinazimvera pakhonde ku Mbare kapena ku Mabvuku, timamva msanga pamene akukometsa kwawo mopitirira, ndiponso chifukwa chake. Pomuwerenga lembani m'mbali pamene akunena “ife” ndi pamene akunena “iwo”, muone kuti akutanthauza ndani. Zimasinthasintha.

Mnzake wa nthawi yomweyo, Felipe Guaman Poma de Ayala, sanachoke ku Peru. Cha m'ma 1615 anamaliza kalata yopita kwa mfumu Felipe III ya masamba pafupifupi 1,200 ndi zithunzi zojambula pamanja pafupifupi 400, m'Chisipanishi chosakanikirana ndi Chiquechua. Inatulukira poyera mu 1908 mulaibulale yachifumu ya ku Copenhagen, ndipo laibulaleyo inaiika yonse pa intaneti mwaulere. Chilankhulo chake n'chovuta, koma zithunzizo aliyense angaziwerenge: wansembe akumenya mayi woluka nsalu, akuluakulu a boma atajambulidwa ngati zilombo zozungulira munthu wosauka. Tsitsani zingapo pafoni, mukaonetse anzanu musanawauze chilichonse.

Malizani nthawi ya atsamunda ndi Sor Juana Inés de la Cruz, sisitere wa ku Mexico amene anamwalira mu 1695 akusamalira anzake pa mliri. Bishopu wa ku Puebla anamudzudzula pobisala m'dzina la sisitere, Sor Filotea, kuti asiye maphunziro a dziko. Yankho lake la 1691, Respuesta a Sor Filotea, limaoneka lodzichepetsa pamwamba koma pansi pake muli mano. Akufotokoza kuti atamuletsa mabuku anayamba kuphunzira kukhitchini, poona mmene dzira limachitira m'mafuta, ndipo akuti Aristotle akanakhala wophika akanalemba zambiri. Ndakatulo yake yodzudzula amuna, “Hombres necios”, ndi yosavuta ndipo amayi pagulu lathu amaikonda. Yaitali ija, Primero sueño, isiyeni kaye. Pa mabuku onse akalewa funani makope amene kalembedwe kake kanakonzedwa kukhala ka masiku ano, okhala ndi ndemanga m'munsi, monga a chikuto chakuda a Cátedra.

Zaka za m'ma 1800, mwachidule

Mayiko ambiri analandira ufulu pakati pa 1810 ndi 1825, ndipo makalata anasiya kupita kwa mfumu n'kuyamba kupita kwa mtundu watsopano. Kunena zoona mabuku ena a nthawi imeneyi ndi otopetsa. María ya Jorge Isaacs, ya 1867, ndi misozi yokhayokha. Dziwani kuti ilipo, mupitirire. Ofunika muwawerenge awiriawiri. Facundo ya Domingo Sarmiento, yolembedwa mu 1845 iye atathawira ku Chile, imati chitukuko chili m'tauni ndi ku Ulaya, kumidzi kuli uchinyama. Martín Fierro ya José Hernández, ya 1872, imapereka pakamwa kwa woweta ng'ombe wa kumudziyo, wogwidwa mokakamiza kupita kunkhondo. Sarmiento anadzakhala pulezidenti wa Argentina, ndiye maganizo ake sanathere papepala.

Awiri ena ndi a ku Cuba, kumene ukapolo unatha mochedwa, mu 1886. Sab ya Gertrudis Gómez de Avellaneda, ya 1841, ndi nkhani ya kapolo yolembedwa ndi mayi wachizungu. Juan Francisco Manzano anali kapolo weniweni, amene anadziphunzitsa kulemba potengera zilembo za mbuye wake. Mbiri ya moyo wake anailemba atapemphedwa ndi Domingo del Monte, amene gulu lake linasonkha ndalama zomuwombolera. Inayamba kutuluka m'Chingerezi ku London mu 1840, itadutsa m'manja mwa anthu oikonza, ndipo ku Cuba inasindikizidwa m'Chisipanishi mu 1937. Munthu wolembera amene agwira ufulu wake m'manja amasankha mawu mosamala. Onani pamene akudumpha nkhani. Tsekani zaka zimenezi ndi nkhani ya José Martí ya 1891, “Nuestra América”, yolembedwa ali ku New York, yochenjeza za mnansi wamphamvu wa kumpoto ndiponso za atsogoleri olamulira mayiko awo ndi malamulo obwereka.

Ndakatulo ndi pakamwa

Ndakatulo musaziwerenge chamumtima. Imirirani, muwerenge mokweza, ngakhale theka la mawu simukulimva. Rubén Darío wa ku Nicaragua, ndi buku lake Azul la 1888, ndi amene anatembenuza mtsinje: kuyambira pa iye olemba a ku Spain anayamba kutengera a ku America. Gabriela Mistral wa ku Chile, mphunzitsi wa kumudzi, analandira mphotho ya Nobel mu 1945, woyamba ku Latin America konse pa zolemba. Pablo Neruda anailandira mu 1971. Ndakatulo zake zachikondi za 1924 ndi zosavuta, n'chifukwa chake anyamata amazikopera atsikana mpaka lero. César Vallejo wa ku Peru kwa ine ndiye wamkulu pa onsewa, koma yambirani pa Los heraldos negros, osati pa Trilce ya 1922, imene imazunguza ngakhale eni chilankhulo.

Kenako Nicolás Guillén wa ku Cuba. Mu 1930 anatulutsa Motivos de son, ndakatulo zomangidwa pa kayimbidwe ka anthu akuda a ku Havana ndi m'kalankhulidwe kawo, ndipo ena anakhumudwa nazo. “Sensemayá”, nyimbo yophera njoka, ili ndi mzere wobwerezabwereza umene umafuna ng'oma. Wina aziwerenga, ena azivomera, wina aziomba pathebulo. Aliyense amene anaimapo pabwalo la gule ku Dzivarasekwa kapena ku Tafara sadzafuna kuuzidwa pamene ayenera kulowa. Masilabasi ambiri amadutsa olemba akuda mothamanga, ndiye muwafufuze nokha: Nancy Morejón ndi ndakatulo yake “Mujer negra”, Manuel Zapata Olivella wa ku Colombia ndi Changó, el gran putas ya 1983, komanso Biografía de un cimarrón ya 1966, mmene Esteban Montejo, amene anathawa ukapolo n'kukhala m'nkhalango, akufotokoza moyo wake kwa Miguel Barnet ali ndi zaka zoposa 100. Pamenepanso funsani kuti cholembera chili m'manja mwa yani. Funso lomwelo lili pa umboni wa Rigoberta Menchú wa ku Guatemala wa 1983, umene unalembedwa ndi Elizabeth Burgos.

Mabuku akuluakulu aja

Apa tsopano mwakonzeka. Werengani kaye Pedro Páramo: mnyamata akupita kumudzi wa Comala kukafuna bambo ake chifukwa analonjeza mayi ake akumwalira, ndipo pang'onopang'ono akuzindikira kuti amene akumulankhula ndi akufa. Kabukuka kalibe mitu, ndi zidutswa zosatsata nthawi, ndiye lembani nambala pa chidutswa chilichonse ndi dzina la amene akulankhula. Kenako El reino de este mundo ya Alejo Carpentier wa ku Cuba, ya 1949, yonena za kuukira kwa akapolo ku Haiti. Mukatero tsitsani pashelefu Cien años de soledad ya 1967 ija, mujambule mtengo wa banja kuseri kwa chikuto, muyambe.

Mudzamva anthu akunena za “realismo mágico” ngati kuti mabuku onsewa ndi matsenga. Dzina limeneli limapangitsa ulesi. Mu Cien años de soledad muli mtsikana wokwera kumwamba akupinda nsalu, zoona, koma mulinso asilikali akuwombera ogwira ntchito m'minda ya nthochi pasiteshoni ya sitima, ndipo zimenezo zinachitikadi ku Ciénaga, ku Colombia, mu December 1928, pa sitalaka ya antchito a United Fruit Company. M'bukumo chodabwitsa chenicheni n'chakuti mawa lake aliyense akukana kuti kunafa munthu. Mukalemba nkhani ya mayeso, pewani kungoti “apa pali matsenga”. Nenani amene akukhulupirira chinthucho, amene akuchikana, ndi amene akupindula.

Anzake a García Márquez a m'ma 1960 ndi Carlos Fuentes ndi La muerte de Artemio Cruz ya 1962, Mario Vargas Llosa ndi La ciudad y los perros ya 1963, ndi Julio Cortázar ndi Rayuela ya chaka chomwecho. Kwa Cortázar nkhani zazifupi zimaposa bukulo, ndi maganizo anga. Jorge Luis Borges, amene Ficciones yake inatuluka mu 1944, muziwerenga nkhani imodzi pa sabata, ndipo musakhulupirire buku lililonse limene akulitchula, ena anangowapeka. Dzina limene limasiyidwa kawirikawiri ndi la José María Arguedas wa ku Peru, wokulira pakati pa antchito olankhula Chiquechua. Mu Los ríos profundos ya 1958 akulimbana ndi vuto limene olemba a kuno amalidziwa, la kulemba m'chilankhulo cha atsamunda mawu a anthu amene sanalankhule m'chilankhulocho. Onani mmene amapindira Chisipanishi anthu ake akamayankhula.

Kumene mungawapeze

Pafupifupi zonse za atsamunda ndi za m'ma 1800 ndi zaulere. Biblioteca Virtual Miguel de Cervantes ili nazo zambiri. Biblioteca Ayacucho, imene boma la Venezuela linakhazikitsa mu 1974, inaika mabuku ake ambiri pa intaneti ngati PDF, ali ndi mawu oyamba aatali ndi ndandanda ya zaka kumapeto. Project Gutenberg ili ndi zomasulira zakale za Chingerezi. Dikishonale ya Real Academia Española ndi yaulere, koma mawu a alimi a Rulfo kapena a oweta ng'ombe a ku Argentina muwafufuze mu Diccionario de americanismos. Tsitsani zonse pamene mwapeza Wi-Fi, osadya bandulo, ndipo nkhani ya sabata imeneyo kaisindikizeni m'timashopu ta fotokope m'tauni. Pepala mumalembapo, ndipo magetsi akazima limawerengekabe pakandulo. Ku Harare City Library pa Rotten Row kuli pokhala pabata, ndipo ndi bwino kuyang'ana pamashelefu a mabuku omasuliridwa musanawononge ndalama.

Olemba a masiku ano ndiwo ovuta kupeza, chifukwa mabuku awo ndi ogula. Roberto Bolaño ndi Los detectives salvajes ya 1998 anatsegula njira ina, yosafunanso za midzi ya matsenga. Panopa amene akumveka kwambiri ndi amayi: Samanta Schweblin ndi Distancia de rescate ya 2014, Mariana Enríquez ndi nkhani zake zoopsa za 2016, Las cosas que perdimos en el fuego, onse a ku Argentina, ndi Fernanda Melchor wa ku Mexico ndi Temporada de huracanes ya 2017. Lomalizali lili ndi nkhanza ndi mawu otukwana ambiri, ndiye ganizirani kaye ngati pagulu panu pali apongozi. Ife timasonkha, n'kutuma wachibale wochokera ku Johannesburg kuti atigulire kope limodzi, ndipo limazungulira nyumba ndi nyumba. Amene ali nalo sabata imeneyo saloledwa kulembamo ndi bolopeni, pensulo yokha.